Mafunso ndi mayankho: zipangizo zothandiza ophunzira aulumali m'makoleji a ku Lilongwe

Maina a osankhidwa kupita ku mayunivesite akangotuluka mafunso amabwera omwewomwewo, pena wofunsa ndi mwini wakeyo, pena ndi mayi ake, pena ndi amalume amene auzidwa kuti agule laputopu koma sakudziwa kuti yotani. Nde ndati ndingolemba kamodzi. Ineyo maso anga amaona pang'ono chabe, ndinaphunzira pa koleji ina mu Lilongwe momuno ndipo zambiri zili apazi ndinazidziwa nditavutika kale, zina ndinazitola kwa anzanga osaoneratu, osamva ndi oyendera wilicheya.

Zipangizo zothandizazi ndi chani kwenikweni, ndi zodula za kunja zija?

Osati zokhazo ayi. Ndodo yoyera, wilicheya, magalasi, kachipangizo kovala kukhutu kothandiza kumva, makina olembera Braille, zonsezi zili m'gulu limodzi ndi mapulogalamu a mufoni ndi mukompyuta amene amakuwerengerani, kukulitsa zilembo kapena kulemba zimene munthu akuyankhula. Chimene anthu ambiri sadziwa nchoti mapulogalamuwa ambiri ndi aulere ndipo ena anabwera kale ndi foni imene ili mthumba mwanuyo, angobisala mu Settings pamene palembedwa kuti Accessibility.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'mwamba ali ndi ulumali wina wake kuno ku Malawi, ndipo achialubino anawerengedwa 134,636. Olo mkalasi mwanu muoneke ngati muli nokha, amene anadutsa njira yomweyi alipo ambiri, afunseni.

Sindiona, ndasankhidwa, ndiyambire pati?

Kiyibodi. Musanaganize za chipangizo chilichonse chodula phunzirani kutaipa osadalira maso, zala zonse, mpaka zizipita zokha. Pakati pa kutuluka kwa maina ndi kutsegulira sukulu pamakhala nthawi yongokhala pakhomo, nthawi imeneyo ndi yanu. Olo mulibe laputopu, kiyibodi yakale yosalumikiza paliponse ikhoza kukuzoloweretsani malo a zilembo, pa F ndi pa J pali timabampu tomveka ndi chala, mpamene zala zolozera zimakhala.

Kenako NVDA. Iyi ndi pulogalamu yowerenga mokweza zonse zili pa sikirini ya Windows, ndi yaulere, inayambika mu 2006 ku Australia ndipo anaipanga ndi Michael Curran ndi James Teh, onse awiri osaona. Mukaiika mumaiyatsa ndi Ctrl, Alt ndi N, ikamalongolola kwambiri mumangodina Ctrl imakhala chete, ndipo batani lake lalikulu ndi Insert kapena Caps Lock, pa laputopu ambiri amakonda Caps Lock poti Insert amakhala pakona povuta kupeza. Chimene ndimaikondera ine nchoti mutha kuiika pa fulashi nkumayenda nayo, mukafika mu laibulale kapena mu labu ya makompyuta mumangosomeka nkuyamba ntchito osadikira a IT. Ikavuta, Windows ali ndi yake yotchedwa Narrator, Ctrl, batani la Windows ndi Enter, siifika pa NVDA koma imakupulumutsani tsiku loti zinthu zasokonekera.

Mawu ake poyamba amatopetsa, ngati wailesi yosagwira bwino siteshoni. Musataye mtima, pakatha milungu ingapo mudzayamba kuiwonjezera liwiro nokha mpaka anzanu a mu hositelo azidabwa kuti mukumva bwanji zimenezo.

Nanga JAWS? Ku sekondale ankatiuza za JAWS

Ndi pulogalamu inanso yowerenga sikirini ngati NVDA, yabwino, ya kampani ya Freedom Scientific, koma ndi yogula ndipo mtengo wake si wamasewera. Yosalipira imagwira mphindi 40 kenako mpaka muzimitse kompyuta nkuyatsanso. Mukaipeza m'chipinda cha zipangizo pa koleji panu gwiritsani ntchito, mabatani ambiri amafanana ndi a NVDA. Koma zoti anyamata ena akuikireni yokuba pa laputopu yanu, ayi ndithu, imabwera ndi mavairasi ndipo imakonda kufa usiku woti mawa mukupereka asainimenti.

Foni yanga ndi Tecno, ingathandize?

Kwambiri. Mafoni a Android ali ndi TalkBack, a iPhone ali ndi VoiceOver. Pa TalkBack mukakhudza chinthu kamodzi imakuuzani kuti nchani, mukagogoda kawiri mpamene chimatseguka, ndipo pa mafoni ambiri mutha kuitchera kuti iziyaka mukagwira mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi atatu. Pogula foni uzani wogulitsayo ayatse TalkBack pompo mumve nokha, mafoni ena otchipa amachedwa mpaka kukwiyitsa.

Pali Lookout ya Google ndi Seeing AI ya Microsoft, mumaloza kamera papepala nkukuwerengerani, zimathandiza pa zomata pa bolodi ya zidziwitso zija, timetebulo ikasintha nthawi zambiri amangomata pepala basi osauza munthu. Be My Eyes inayambira ku Denmark mu 2015, imakulumikizani pa vidiyo ndi munthu wodzipereka woti akuonereni chinthu, koma imadya bando.

Chenjezo limodzi. Mukamatumiza ndalama pa *211# kapena *444# valani mahedifoni, foni imatha kutchula zonse mokweza, ndipo mu minibasi ya ku Kawale kapena pa depoti simudziwa amene akumvetsera.

Kodi zimawerenga Chichewa?

Zimayesa koma mawu a Chingerezi amachipotoza, "ndiwo" imatuluka ngati dzina la mankhwala. Mu NVDA muli mawu otchedwa eSpeak NG amene ali ndi Chiswahili, mukasankha chimenecho Chichewa chimamvekako poti kalembedwe kake nkofanana, a amakhala a, e amakhala e. Sizikoma mkhutu koma uthenga wa agogo pa WhatsApp mumaumva. Za mkalasi musadandaule nazo, pafupifupi zonse ndi Chingerezi.

Ndili ndi NVDA koma manotsi a lekichala sakuwerengeka, ikungokhala duu. Chavuta nchani?

Apa nde pagona nkhani yonse, ndipo ndikanakonda malekichala ndi makilasi repu awerenge gawo ili kuposa ena onse.

Pulogalamu yowerenga sikirini imawerenga zilembo, siiona chithunzi. Lekichala akatenga buku nkulijambula ndi foni, tsamba lopindika, chala chake chikuoneka pakona, nkupanga PDF nkuponya pa gulu la WhatsApp, kwa munthu woona ndi manotsi koma kwa inu ndi khoma. Mutha kukhala ndi laputopu yodula kuposa ya wina aliyense pa kampasi koma osapeza kanthu. Ine semesita yanga yoyamba kosi ina manotsi onse anali otero, ena olemba pamanja kumene, ndinkakulitsa mpaka zilembo kusanduka phala, ndipo ndinakalowa mayeso nditawerenga mwina magawo awiri okha, ndinapulumuka sapu ndi mamakisi ochepa zedi. Vuto silinali maso anga okha, linali loti sindinapite kukapempha, ndinkachita manyazi kuoneka wovuta. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndithu.

Chochita choyamba, pemphani fayilo yeniyeni, ya Word kapena ya PowerPoint, imene lekichalayo anataipa. Ambiri ali nayo, sanaganizepo chabe. Pitani sabata yoyamba, osati mayeso atayandikira, mudzitchule dzina, munene kuti mumawerenga ndi pulogalamu ndipo siiwerenga zithunzi, mupemphe azikutumizirani pa imelo kalasi isanachitike. Ena amaopa kuti manotsi awo afalikira, auzeni kuti ndi anu okha ndipo musunge lonjezolo, mukagawa mwatsekera mnzanu wobwera chaka chamawa.

Ngati palibiretu fayilo yotaipa pali njira yosandutsa chithunzi kukhala zilembo, amati OCR. Mu NVDA mukadina batani lake lalikulu lija (Insert kapena Caps Lock) ndi R imayesa kuwerenga chithunzi chili pa sikirini, sizifuna intaneti. Njira ina, ikani PDF ija mu Google Drive, muitsegule ndi Google Docs, imatuluka ngati zilembo zoti mutha kusunga. Zotaipa zojambulidwa mowala bwino zimatuluka bhobho, zolemba pamanja ndi matebulo zimatuluka zosokonekera, manambala amasinthika, 1 kukhala l, 0 kukhala O, nde pa kosi ya mawerengero musakhulupirire musanafunse mnzanu.

Ndipo mkalasi muwakumbutse mwaulemu kuti azitchula zimene akulemba. "Ichi tikachiphatikiza ndi ichi tipeza ichi" sizithandiza munthu amene sakuona bolodi.

Mabuku a mu laibulale nanga?

Yambani ndi a laibulale eni ake, funsani za mabuku ndi majenulo a pa intaneti amene koleji inalembetsa, ambiri amakhala PDF yowerengeka bwino. Dziwaninso kuti pali pangano la Marrakesh la 2013, Malawi inalowamo mu 2017, limene cholinga chake nkuti mabuku azitha kusandutsidwa Braille, mawu kapena zilembo zazikulu kuti anthu osaona awerenge popanda kukapempha kaye chilolezo kwa wosindikiza aliyense. Nde wina akakuuzani kuti kusikana buku chifukwa cha inu nkuphwanya lamulo, muuzeni akafufuze za panganoli. Palinso laibulale ya pa intaneti yotchedwa Bookshare, polembetsa amafuna umboni wa ulumali.

Ndiye Braille yatha ntchito?

Ayi, ndipo amene amanena zimenezi nthawi zambiri ndi oona. Khutu silikuphunzitsani kalembedwe ka mawu, mutha kumva liwu kakhumi koma osadziwa kuti lili ndi s awiri. Braille ndi timadontho 6 tokha, Louis Braille anaipanga m'ma 1820, koma pa masamu, pa kuwerenga pagulu, pa kukonzekera zoti mukayankhule kutsogolo kwa kalasi, palibe chofanana nayo.

Perkins, makina olembera Braille aja, imene munaizolowera ku Malingunde kapena ku Chilanga ikadali yothandiza, siifuna magetsi, koma ndi yolemera, imasokosa mkalasi ndipo chachikulu nchoti lekichala sangawerenge zimene mwalemba mpaka papezeke munthu wozimasulira, zimenezi zimachedwetsa magiredi. Nchifukwa chake ndikuti asainimenti muzitaipa, Braille ikhale ya manotsi anu. Kuli timakina ngati Orbit Reader 20 totulutsa zilembo za Braille 20 pa mzere, mumalemba nkusunga pa memore khadi ndipo mutha kukalumikiza ku foni kapena laputopu. Mukamva kuti koleji kapena bungwe likugawa, thamangani. Funsaninso ngati pa koleji pali makina osindikiza Braille, pena alipo koma atsekeredwa mu ofesi poti wodziwa kuwagwiritsa ntchito anachoka.

Ndimaona koma pang'ono, bolodi sindiliona. Ndine wachialubino

Gulu lathu limavutika mwakachetechete poti anthu amati "koma akuyenda yekha uja". Kukhala kutsogolo nkofunika koma pa holo yaikulu sikukwanira. Foni yanu ndi galasi loonera patali, lozani kamera pa bolodi nkukulitsa, kapena jambulani silaidi iliyonse muione pafupi, muuzeni kaye lekichala kuti asaganize kuti mukuseweretsa foni. Kuli katelesikopu kogwira ndi dzanja limodzi, kamathandizanso powerenga chikwangwani cha minibasi.

Pa laputopu dinani batani la Windows ndi chizindikiro chophatikizira, sikirini imakula, Windows ndi Esc kubwerera. Ikakula mukadina Ctrl, Alt ndi I mitundu imatembenuka, zilembo zoyera pa malo akuda, kwa amene kuwala kumatipweteka maso iyi ndi mphatso. Koma ndikuuzeni zoona, phunziraninso NVDA olo mumaona. Masamba 60 ndi maso athuwa mutu umayamba kuwawa pa tsamba lakhumi, nde ndimasiya khutu ligwire ntchito maso apume.

Kayezetseni maso musanayambe sukulu, ku Kamuzu Central kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First, kulinso cha ku Nkhoma, ndipo mupemphe kalata yofotokoza mmene mumaonera, idzafunika pa nkhani ya mayeso. Achialubino, a APAM, bungwe la anthu achialubino, ndi anthu oti muziwadziwa, ndipo ngati kosi yanu ndi ya kumunda ngati za ku Bunda kapena ku NRC, chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa nazonso ndi zipangizo za sukulu.

Sindimva. Pulogalamu ingalowe m'malo mwa womasulira chinenero chamanja?

Ayi. Womasulira ndi womasulira, ndipo muyenera kumupempha kwa akuluakulu a koleji polemba kalata, vuto nloti omasulira ndi ochepa mdziko muno, a MANAD, bungwe la anthu osamva, ndi amene angakulozereni kumene ali. Mapulogalamu ndi ongothandizira.

Live Transcribe ya pa Android, imene Google inapanga mogwirizana ndi yunivesite ya Gallaudet ya ku America, imalemba pa sikirini zimene munthu akuyankhula. Pa munthu mmodzi, pafupi, pamalo opanda phokoso imachita bwino ndithu. Mu holo ya anthu ambiri, fani ikulira, mvula ikugunda malata, imalemba zakezake, ndipo malekichala athu amasakaniza, akafika pa nthabwala kapena pofotokoza penipeni povuta amalowa Chichewa, pamenepo imasokonekeratu. Chothandiza nkumuika lekichala kamaiki kopanda waya kopanira pa kolala, kolandirira kake nkusomeka ku foni yanu, mawu amafika oyera. Pa mavidiyo yatsani mawu olembedwa, YouTube, Zoom ndi Google Meet onse ali nawo, Chrome nayonso ili ndi Live Caption.

Zotsalazo ndi za anthu, manotsi kalasi isanayambe, mnzanu wokhazikika wokulemberani, lekichala asamayankhule atayang'ana bolodi ngati mumawerenga milomo, ndipo kilasi repu azilemba pa gulu chilichonse chalengezedwa pakamwa. Mnzanga wina anaphonya mayeso apakati pa semesita chifukwa kusintha kwa tsiku kunanenedwa pakamwa anthu akutuluka mkalasi, aliyense anamva kupatula iye.

Kachipangizo kanga ka kukhutu kakuvuta, ndipite kuti?

Ku Area 47 pa African Bible College pali ABC Hearing Clinic, amayeza makutu ndi kuona za zipangizozi. Musagule zongogulitsa pamsika, chija chimafunika kutcheredwa molingana ndi makutu anu, chongokweza mawu chikhoza kuononga kumva kotsalako. Mabatire ake ali ndi manambala ndi mitundu, 10 wachikasu, 312 wabulauni, 13 waolenji, 675 wabuluu, dziwani wanu ndipo muzisunga apadera nthawi ya mayeso. Mukamatula kapepala kapamwamba dikirani kamphindi musanaike, batire lake limayamba kugwira ntchito likapuma mpweya. Nyengo ya mvula chinyezi ndi mdani, usiku tsegulani kachitseko ka batire nkuika mu kabotolo kouma.

Manja anga sagwira bwino, kulemba ndimachedwa

Dinani Shift kasanu, Windows ikufunsani za Sticky Keys, mukavomera simufunikanso kugwira mabatani awiri nthawi imodzi, mumadina limodzilimodzi, zabwino kwa wotaipa ndi dzanja limodzi kapena ndi kamtengo. Filter Keys imathandiza ngati manja amanjenjemera nkumabwereza chilembo. Kulemba ndi mawu kuliponso, Windows ndi H, kapena mu Google Docs pa Chrome Ctrl, Shift ndi S, zimafuna intaneti komanso Chingerezi chathu pena sizichimva, muziwerenganso musanapereke. Mausi ikavuta kuli ina ya kampira pamwamba yongozunguza ndi chikhatho.

Oyendera wilicheya, chipangizo chanu chachikulu ndi timetebulo. Ikangotuluka onani kalasi iliyonse ili pati, ngati ili pamwamba popanda njira pemphani isamutsidwe sabata yomweyo, ndi chinthu chosafuna ndalama koma chimavuta semesita ikakhazikika. Zonyamulidwa pa masitepe tsiku ndi tsiku musavomere kuti ndiyo njira, nzoopsa komanso tsiku lina onyamulawo sadzapezeka. Za mawilicheya funsani a bungwe la MAP (Malawi Against Physical Disabilities), za miyendo yopanga ndi zitsulo zothandiza kuyenda kuli malo opangira zimenezi ku Kamuzu Central amene anayambitsa a bungwe la 500 Miles. Pampu ndi zomatira muzikhala nazo, ndipo pezani wokonza njinga mmodzi pafupi ndi kampasi amene azikudziwani.

Maso ndi makutu zili bwino koma kuwerenga kumandivuta, zilembo zimasokonekera

Likhoza kukhala vuto lija amati dyslexia, si uchitsiru komanso si ulesi olo munakula mukuuzidwa choncho. Kumva ndi kuona nthawi imodzi kumathandiza. Tsegulani PDF mu Microsoft Edge nkudina Ctrl, Shift ndi U, imawerenga mokweza ikuonetsa liwu limene ili. Mu Word muli Immersive Reader yotalikitsa mizere, pa Android pali Select to Speak. Kaonaneni ndi aphunzitsi a maphunziro a ana aulumali, ambiri anaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu, angakuuzeni koyezetsa kuti mukhale ndi kalata.

Ndingajambule mawu a lekichala mkalasi?

Pemphani kaye, ambiri savuta. Koma fayilo iliyonse muipatse dzina tsiku lomwelo, kosi ndi deti, apo ayi pofika mayeso muli ndi mafayilo mazana opanda maina. Ndipo kalasi ya maola awiri kuimvetseranso ndi maola awiri, musadzinamize kuti mudzamvetsera zonse sabata yomaliza.

Masamu, magirafu ndi za mu labu, munthu wosaona angathe?

Angathe koma apa nde pamafunika khama ndi lekichala wofuna kuthandiza. Excel imayenda bwino ndi NVDA, imatchula selo iliyonse. Masamu olembedwa ndi chida cha Word chija cha Alt ndi chizindikiro cha =, NVDA yokhala ndi MathCAT imawawerenga, koma akakhala chithunzi tabwerera ku vuto lakale lija. Ena amaphunzira LaTeX, kumene masamu amalembedwa ngati mawu wamba pa mzere umodzi. Pulogalamu ya masamu ya Desmos imasandutsa girafu kukhala kulira kokwera ndi kotsika. Pa kosi ya statistics pulogalamu yotchedwa R ndi yabwino poti zonse mumataipa.

Zojambula musadikire makina. Katoni, guluu ndi ulusi, mnzanu amata ulusiwo motsatira mizere, mumakhudza nkumvetsa mmene mtima kapena mapu alili, ndinaona anthu akugwiritsa ntchito nyemba ndi mchenga posiyanitsa zigawo ndipo oona omwe anayamba kubwereka.

Wina akakuuzani kuti sinthani kosi mupite ya "anthu ngati inu", funsani kaye kuti chenicheni chimene simungathe nchiti, pena yankho limakhala loti sanaphunzitsepo munthu ngati inu basi.

Mayeso amayenda bwanji?

Musaganize kuti poti MANEB inkakupatsani pepala la Braille kapena la zilembo zazikulu nde koleji ikudziwa. Siidziwa mpaka muiuze. Lembani kalata kwa rejisitirala, kope kwa woyang'anira za ophunzira ndi mkulu wa dipatimenti, semesita ikangoyamba. Munene mwachindunji zimene mukufuna, pepala pa fulashi ngati fayilo ya Word, kapena zilembo za saizi yakuti, nthawi yoonjezera, chipinda chapadera chokhala ndi soketi, kompyuta yokhala ndi NVDA, womasulira pa malangizo, kapena munthu wokulemberani. Kope yanu idindidwe musunge. Zongogwirizana pakamwa mu kolido zimaiwalika, ndipo woyang'anira mayeso tsikulo amakhala munthu wina amene sanamvepo za inu.

Kukatsala sabata pitani mukakumbutse, mukayese kompyutayo ngati ndi yawo. Polemba muzidina Ctrl ndi S pafupipafupi, ine magetsi anandithimira pakati pa pepala pa kompyuta ya pa desiki, funso lathunthu linapita. Mukamaliza onetsetsani kuti asindikiza kapena akopera inu muli pompo.

Akakana nditani? Lamulo likuti chani?

Malamulo oyendetsera dziko gawo 20 amaletsa tsankho ndipo ulumali watchulidwamo, gawo 25 likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, kunabwera lamulo la 2012, kenako la 2024 limene linabweretsa bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa MACOHA. Nde simukupempha chifundo.

Koma musayambe ndi kuopseza. Yambani ndi lekichala, kenako mkulu wa dipatimenti, woyang'anira za ophunzira, bungwe la ophunzira, zonse polemba. Zikakanika mpamene mumapita kunja, FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), Malawi Union of the Blind, MANAD, APAM, MACODA kapena Malawi Human Rights Commission imene ili mu Lilongwe momuno. Mukakhala angapo pa kampasi lembani limodzi, kalata ya anthu asanu siisowa mu fayilo ngati ya munthu mmodzi.

Ndalama zogulira ndizitenga kuti, ndipo ndigule chani?

Lembani loni ku Higher Education Students' Loans and Grants Board nthawi yake isanadutse, ndipo fomu iliyonse imene ili ndi malo ofunsa za ulumali lembanipo zoona, kubisa kumakupwetekani nokha. Funsani koleji ngati imabwereketsa zipangizo, funsani mabungwe ndatchula aja, kumpingo kapena kumzikiti, olo kwa phungu wa kwanu, mutanyamula kalata yosankhidwa ndi mndandanda wa zofunika.

Ndalama zikachepa ine ndingati laputopu, mahedifoni, pawabanki, zinazo pambuyo. Yakale yabwino imakwana, chachikulu ikhale ya Windows, RAM 8 GB ngati nkotheka, ya SSD, mabatani omveka bwino ndi chala, ndipo batire losunga moto. Amalume, kukula kwa sikirini kulibe ntchito kwa mwana wosaoneratu, koma kwa woona pang'ono nkofunika. Pogula ku Area 2 kapena ku Old Town pitani ndi munthu wodziwa, zulani chaja muone ngati siithima, yesani sipika ndi pobaya mahedifoni, laputopu yopanda mawu kwa munthu wosaona ndi thabwa.

Magetsi akazima, bando ikatha?

Sankhani zinthu zogwira popanda intaneti, NVDA, TalkBack, Magnifier yokulitsa sikirini ya Windows ija, zonsezi sizifuna bando. Koperani mabuku ndi manotsi pa Wi-Fi ya kampasi. Ngati simuona, tsitsani kuwala kwa sikirini mpaka pansi batire limakhalitsa, NVDA ndi TalkBack zili ndi njira yodetseratu sikirini, zimathandizanso kuti oyandikana nanu asamawerenge mauthenga anu. Ntchito yanu muzisunga pawiri, pa fulashi ndi pa imelo, malaputopu amabedwa mu hositelo ndipo wakuba sasankha. Kachipangizo kolembera Braille pamanja musakataye, sikafuna magetsi.

Za AI zija zingandithandize?

Pofotokoza chithunzi, eya, Be My Eyes ili ndi gawo lotere ndipo limakuuzani zili pa girafu kapena pa silaidi. Koma imanama molimba mtima, makamaka manambala, nde tsimikizani. Musaitumizire chiphaso kapena khadi la ku banki. Ndipo kuipempha ikulembereni asainimenti ndi nkhani ina, akakugwirani chilango nchimodzimodzi ndi cha wina aliyense.

Ine ndilibe ulumali, ndine kilasi repu, nditani?

Mufunseni mwini wakeyo, ali pomwepo, osati kufunsa amene akumuperekeza. Mukaponya chithunzi cha timetebulo pa gulu taipaninso zomwezo pansi pake. Mukatumiza voisi noti lembaninso mwachidule chifukwa cha amene samva. Ndodo ya munthu kapena wilicheya yake musaigwire asanakuuzeni, ndipo mukamuperekeza wosaona mpatseni chigongono agwire, osamukoka ngati mbuzi ikupita ku msika wa Mitundu. Pa ntchito ya pagulu musamangomulemba dzina kuti "apume", mpatseni gawo lake, nthawi zambiri amataipa mwachangu kuposa gulu lonse. Mipando ikasunthidwa mkalasi kapena akakumba ngalande panjira ya ku kafeteriya, mutumizireni uthenga m'mawa asananyamuke ku hositelo.